Kiyi wa amalume ali pa boda

Chitseko cha sitoreji, chipinda cha lendi chosungiramo katundu, chimakhala ndi mabowo awiri okolekapo loko. Bowo limodzi ndi la iwe wobwereka malowo, linalo eni ake amalisungira tsiku limene wawasowetsa mtendere, kuti akolekepo loko wawo. Wina aliyense wa mutu wabwino amazidziwa zimenezi. Koma amalume anga ataona mabowo awiriwo anamwetulira ngati atola foni mu tekisi, n'kunena kuti azungu anaganiza bwino, anadziwa kuti anthu sitikhulupirirana.

Malowo ali kumbali ya mafakitale ku Boksburg, kuno ku Joni, mizeremizere ya zitseko zamalata zokankhira m'mwamba, ngati magalaja omwe nyumba zake zinathawa. Mabizinesi ang'onoang'ono a kuno amapumira m'menemo. Kumanja kwathu kunali pulambala wosunga mapaipi, kumanzere mtsikana wogulitsa nsapato pa foni, yemwe ankazijambulira pakhomo pomwepo n'kumalemba kuti ali ku shopu. Onsewo munthu mmodzi, loko mmodzi, kiyi m'thumba. Akafuna katundu amangobwera, kutsegula, kunyamula, basi. Ife Amalawi tinaona kuti zimenezo n'zophweka kwambiri.

Chipinda chathu tinkagwiritsa ntchito anthu atatu. Amalume ndi tiransipota, amasonkhanitsa mafiriji, matilesi, njinga ndi zikwama za anthu otumiza kumudzi, katundu akakwana amapakira mu thiraki n'kupita naye okha mpaka ku Mangochi. Wachiwiri anali bambo wina wogulitsa mabulangete, wobadwira ku Zimbabwe koma makolo ake a ku Machinga, Chichewa chake chotsimphina ngati chaponda minga. Iyeyo ndiye anali ndi mapepala abwino, choncho kontirakiti inali m'dzina lake. Wachitatu ndinali ine, ndi tenti yanga, matebulo ndi mipando yapulasitiki yobwereketsa pa maukwati ndi pa maliro.

Mipando imeneyo sindinapatsidwe ndi munthu. Sukulu ndinaisiya ndisanaone kuti Fomu 2 imakhala bwanji, ndinabwera ku Joni n'kuyamba kutsuka magalimoto ku Kempton Park mpaka tsiku lomwe ndinaponyera bwana siponji yonyowa kumaso. Mpando uliwonse ndinaugula ndi zala zotuwa ndi sopo. Mayi wa nyumba yomwe ndimachita lendi atayamba kulalata kuti pabwalo pake pasanduka tchalitchi, amalume anati ndibwere nayo ku sitoreji.

Mabowo awiri, anthu atatu. Amalume anakoleka loko wawo, a mabulangete wawo, ine ndinatsala ndikuyang'ana. Ndikafuna ngakhale tebulo limodzi ndinkayenera kusonkhanitsa madala awiriwo ngati ndikuitanitsa msonkhano wa mafumu. Wina ali ku Alrode kukatenga firiji, wina ali pa renki ya matekisi ndi mabulangete pamutu. Akafika, moni kaye, za kumudzi kaye, mvula yagwa bwanji ku Namwera, ndani wamwalira. Kenako kutsegula motsata msinkhu, amalume poyamba. Kiyi wawo ankamangirira pa chingwe cha m'chiuno mkati mwa thalauza, ndiye kuti atsegule ankachita kusendera mimba pafupi ndi chitseko ngati akufuna kuvina nacho. Mtsikana wa nsapato uja ankabisa nkhope m'bokosi.

Tsiku lina ndinawafunsa amalume. Loko aliyense amabwera ndi makiyi angapo, ena aja ali kuti?

"Ndinasunga pabwino."

"Pabwino pake pati, amalume?"

"Ndinawapatsira azakhali ako ku Namwera. Kuno ku Joni kuli akuba."

Ndinawayang'ana kuti mwina aseka. Sanaseke. Makiyi apadera a chitseko cha ku Boksburg anali mu sutikesi ku Namwera, kudutsa maiko awiri, ndipo munthu wamkulu wa ndevu zake ankaona kuti wachita zanzeru.

Ndinapirira chifukwa ntchito inali kubwera pang'onopang'ono, maliro apa, phwando la mwana apo. Kenako panabwera yomwe ndinkaidikira. Mayi wina wa ku Balaka, wogwira ntchito ya m'nyumba ku Kempton Park, ankakwatitsa mwana wake wamkazi Loweruka lina. Mayi ameneyu ndiye mkulu wa gulu la amayi a Chimalawi a dera lonselo. Akati wa tenti ndi uyu, maukwati onse, zinkhoswe zonse, masadaka onse amapita kwa iweyo. Akati uyu ayi, ukhoza kungogulitsa mipando yako kwa a shabini. Anandiitana, n'kundiyang'ana kuyambira ku nsapato.

"Mwana iwe, akuti ndiwe waukali. Ine ukali wako ndilibe nawo ntchito. Ndikufuna alendo anga akhale pa mipando, pamthunzi. Undichititsa manyazi?"

Ndinalumbira kuti ayi. Ndinawauza madala anga onse awiri kuti Lachisanu masana titsegule, onse anavomera. Amalume anachita kunena kuti, "Usade nkhawa, mphwanga, ine ndilipo."

Lachisanu ndinafika ndi bhaki ya hayala, galimoto yonyamulira katundu. A mabulangete anabwera, anatsegula loko wawo. Amalume zii. Foni ikuitana, osayankha. Titaimba kangapo anayankha, kumbuyo kukumveka mainjini ndi anthu osintha ndalama akukuwa.

"Muli kuti, amalume?"

"Pa boda, mphwanga. Mzere wake lero si masewera."

"Boda yake iti?"

"Ya Zimbabwe. Tinanyamuka dzulo."

Anali atapakira katundu wina kuchokera kunyumba za anthu, thiraki inadzaza, ananyamuka. Ndiye mwambo wathu uja: munthu sanena tsiku la ulendo. Ukanena, wa mtima woipa akutchera panjira, thiraki igubuduka, kapena katundu agwidwa. Mlongo wawo weniweni, mayi anga, amangowaona atulukira pakhomo. Ndiye nane anandibisira, ine mwana wa mlongo wawo, kuopa kuti ndingawalodze ndi mipando yapulasitiki.

"Nanga kiyi?"

Ndinamva ngati akusisita m'chiuno.

"Ali pompano. Ali bwinobwino."

"Sindikufunsa ngati wadzuka bwanji kiyiyo, amalume! Ukwati ndi mawa!"

"Usandikalipire ine, ndinakunyamula uli wakhanda. Ndipo usayerekeze kukhudza loko wanga. M'menemo muli mafiriji a anthu."

Ndinadula foni. Pulambala uja anali pomwepo akumvetsera, anandibwereka chodulira zitsulo osandifunsa kanthu. Ndisanachiike n'komwe pa loko, mlonda anatulukira pakona akuthamanga, makamera anali atandionetsa kale.

"Hayi, mfethu, ika pansi chimenecho."

Ananditengera ku ofesi. Manejala anali mayi waulemu wozizira ngati wa kubanki. Anati loko amadula okha a pa ofesi, ndipo amadula pokhapokha mwini kontirakiti atapempha. Ine sanandipeze paliponse, kwa iwo ndinali mlendo wogwira chitsulo. Mtima unatsika pang'ono, chifukwa mwini kontirakiti anali ataima kumbuyo kwanga, chipewa m'manja.

"Auzeni adule, bambo."

A mabulangete anayang'ana pansi, anayang'ana kudenga.

"Aaa, mwanangu, zimenezo n'zovuta. Loko wa munthu wamkulu, mwini wake kulibe. Mawa pakasowa ketulo ya munthu, adzati ndani? Adzati Mzimbabwe uja."

"Ndiye muime pompo muziona ndikutulutsa mipando yokha! Jambulani pa foni!"

"Amalume ako akavomera, ine ndilibe mawu."

Tinawaimbiranso. Madala awiriwo anayamba ndi moni, za mzere wa pa boda, za kutentha. Ine ndikutuluka thukuta, wa bhaki akuliza hutala panja. Pamapeto pake anagwirizana chinthu chimene iwo anachiona ngati nzeru zakuya: loko asadulidwe, amalume apereka kiyi kwa dalaivala wa basi yochokera ku Blantyre yomwe inali pa boda pomwepo, mnzawo wodalirika, ndikamulandire m'tauni m'mawa. Manejala anandifunsa kuti akuti chiyani anthuwa. Nditamufotokozera, anangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

Zomwe ndinawalankhula a mabulangete pa geti sindingazilembe pano. Ndinayesa kwa ena obwereketsa mipando, koma Loweruka la kumapeto kwa mwezi ku East Rand ngakhale benchi yothyoka imakhala ili ndi mwini. Mayi wa ukwati ndinamuuza kuti zonse zifika m'mawa. Ndinkakhulupiriradi basi ija.

M'mawa ndinali pa siteji ya mabasi m'tauni. Basi kulibe. Anyamata a pamenepo anati yagwidwa, wina anabisa matumba a nyemba ndi usipa pansi pa mipando, onse atsitsidwa. Dzuwa linakwera. Foni yanga inayamba kulira, mayi wa ukwati, kenako mlongo wake, kenako nambala zosadziwika. Basi inalowa dzuwa litapendeka, yafumbi, anthu akutsika miyendo itatupa. Dalaivala anandifunsa dzina la amalume, la mudzi wawo, la mayi anga, kuti atsimikize kuti ndine ndani. Kenako anatulutsa kampango komangidwa mfundo zitatu, mkati mwake pepala la pulasitiki, mkati mwake kiyi, akadali ndi kachingwe ka m'chiuno.

Kuchoka m'tauni kupita ku Boksburg, kukasaka a mabulangete pa renki poti loko wawo anali atabwezerapo, kupeza bhaki ina, kupakira ndekha ngati wamisala. Pomwe tinkakhota mu msewu wa ukwati ku Kempton Park, nyimbo zinali zikumveka kale patali.

Ndinaona zonse ndisanatsike. Azibambo a mikanjo yoyera atakhala pa makireti a zakumwa ndi pa zidebe zovundikira. Amayi pansi pa zitenje, m'mbali mwa mpanda momwe munali kamthunzi. Pamwamba pa akwati anamangapo mashiti a pabedi ku zingwe zoyanikira zovala, limodzi la maluwa, lina la timu ya mpira. Mkwatibwi anakhala pa sofa yomwe anaitulutsa m'nyumba ya eni malo, mkwati pa mpando wa mu kitchini. Shehe anali atapita kale.

Ndinayamba kutsitsa mipando. Mayi uja anabwera pang'onopang'ono, atavala bwino kwambiri, nkhope youma. Sanakweze mawu, ndipo ndikanakonda akanakuwa.

"Ukutsitsira ndani?"

"Amayi, kiyi anapita ndi amalume, ine ndayesetsa..."

"Akuchimuna achokera ku Pretoria. Asewere anga ndawakhazika pa chidebe. Ukufuna ndiwadzutse tsopano, ndiwauze kuti mpando wafika?"

Mnyamata wina kumbuyo anakuwa kuti, "Aise, bwera nayo pa chinkhoswe cha mwana wawo!" Anthu anaseka mpaka ena kugwa pa makireti paja. Ndinafuna kumulumphira, wa bhaki anandigwira malaya.

"Kweza katundu wako," anatero mayiwo. "Ndipo nambala yanga uifufute."

Kuyambira tsiku limenelo foni yanga sinalirenso za ukwati wa Mmalawi. Gulu la amayi linapeza Msotho wina wa ku Tembisa, yemwe ali ndi loko mmodzi ndi kiyi m'thumba. Ine ntchito zomwe ndimapeza tsopano ndi za anthu osandidziwa, ndipo n'zochepa.

Amalume anabwerako patapita milungu, atanenepa, atanyamula thumba la mpunga. Anaitanitsa kiyi wawo, tinapita ku sitoreji tonse atatu. Anatsegula, analowa, anagwiragwira mafiriji, anasuzumira kuseri kwa matilesi, anakoka zipi ya chikwama chilichonse. Kenako anatembenuka, nkhope ikuwala, n'kundimenya paphewa.

"Waona, mphwanga? Palibe ngakhale supuni yomwe yasowa."