Masamba a Maliro a a Tembo Anabweza Chingwe Chathu

Sabata ino ndinapita ku boma, mu ofesi ya khonsolo, kukaona mapu amene akhoma pakhoma. Sukulu ndinangoinunkhiza, koma mzere wofiira ndimauona. Mzerewo ndi njira ya chingwe cha intaneti, chija amati faiba, chimene khonsolo ikufuna kukwirira pansi kuti chikhale chathuchathu ngati mjigo. Makampani a mafoni aja amangotsata tala, Sinda, Katete, kumene kuli makasitomala.

Ndinautsata ndi chala. Unachoka pa boma, nkudutsa pamsika, nkukhota pamlatho. Kwathu sunafike.

"Mudzi wathu uli kuti apa?" ndinafunsa mayi wina wa ma pulani, a Banda.

"Atate, tsitsani mawu, muno ndi mu ofesi."

"Mayi, awa ndiwo otsika. Okwerawo amamveka ku Mozambique."

Anaseka, koma nditatchula dzina la mudzi kusekako kunatha. "Tinabwera kwanu mwezi watha," anatero. "Tinapeza masamba pamsewu."

Ndinakhala pansi osauzidwa.

Inu a m'tauni mwina simudziwa. Kwathu, kufupi ndi malire a ku Vubwi, foni imagwira netiweki ya Malawi m'mawa, masana ya Mozambique, ya kwathu ikafuna. Nesi wa pakiliniki yathu akafuna ambulansi amakwera pachulu, foni m'mwamba ngati akupemphera. Amene anavutika nazo kwambiri ndi mnzanga a Tembo, mlimi wa thonje, wapampando wa komiti ya kiliniki. Msonkhano uliwonse nyimbo yawo inali imodzi: chingwe chikabwera, chiyambire pakiliniki. Ankandiuza kuti, "Achimwene, tsiku lobwera anthuwa, ine ndidzaloza njira, inu mudzakuwe."

Tsikulo linafikadi. Linali tsiku loika a Tembo.

Wolengeza pamaliro kwathu ndine, palibe wina, ndipo masamba pamsewu ndinayala ndi manja angawa. Galimoto yoyera ndinaiona. Inaima patali. Anatsika anthu, abambo zipewa m'manja, mayi atamanga chitenje, nkukhala pansi pasiwa ngati ife tonse. Anapereka chipepeso. Ine ndinaimirira nkulengeza mokweza kuti alendo ochokera ku boma atipepesa, anthu nkuwomba m'manja mwaulemu. Kenako anapita.

Iwo sananene chimene anabwerera, chifukwa pamaliro suyambitsa nkhani ya ntchito. Ife sitinafunse, chifukwa wodzalira sumufunsa kuti wadzatani. Aliyense anachita bwino. Ndiye wolakwa ndani?

A Banda anandifotokozera kuti anali ndi midzi yambiri yoyendera, galimoto imodzi. Kumene anapeza anthu, anthuwo analoza: ngalande idutse apa, manda ali apo, ife tidzakumba mpaka pasukulu. Kumene sanamve mawu, mzere sunapite. Mapu apita kale kwa makhansala.

"Koma musadandaule, atate, mudzalowa mu gawo lachiwiri."

Gawo lachiwiri ndimalidziwa. Msewu wathu uli m'gawo lachiwiri kuyambira ndili ndi mano onse.

Sindikunyoza mwambo, ayi. Tsiku langa likadzafika, masamba amenewo ndikuwafuna, ndipo wanjinga adzatsike. Chikundiwawa nchakuti tonse tinaganiza kuti ulemu uli ndi tsiku limodzi lokha. A khonsolo, mukapeza maliro, mudziwo sunakane chitukuko, ukulira. Bwereraninso anthu akasesa. Ifenso eni mudzi, titasesa tinatani? Tinabwerera ku mtedza wathu. Palibe anafunsa kuti kodi galimoto ya boma inawadziwa bwanji a Tembo, munthu amene sanagwirepo ntchito ya boma. Tinangonyadira kuti mnzathu analiridwa ndi akuluakulu. Ine ndiye ndinanyadira koposa, ndinaikamba nkhaniyo mpaka kuchigayo.

Chinthu cha kampani chikakudutsa, umati anthu a malonda ndi otero. Koma ichi akuti nchathu. Chathu chimakonzedwa bwanji tsiku limene eni ake tili kumanda?

Pobwerera ndinatsika pakiliniki. Nesi anali pachulu, mayi wodwala atagona pakhonde. Nesiyo atandiona anafunsa ali pachulu pomwepo: "Agogo, mwatitengera zotani ku boma?"

Ine amene mawu anga amadzutsa midzi itatu, ndinangovula chipewa.

Ndikufunseni inu owerenga, makamaka a m'maofesi: mukanakhala m'galimoto ija, mukanaponda masamba aja? Inenso ayi. Nanga kubweranso anakuletsani ndani?