Kansalu Kofiira pa Tochi

Amuna anga anali ndi matenda amodzi okha, matenda a nyenyezi. Mowa sankamwa, akazi a eni ake sankawacheukira. Azimayi anzanga ankati ndili ndi mwayi, osadziwa kuti m'nyumba mwanga munali mkazi mnzanga: chipaipi chakuda choonera nyenyezi, chotalika ngati musi, chokhala ndi galasi uku ndi uku, chimene mzungu amene anawaphunzitsa uphunzitsi anawasiyira pobwerera kwawo. Chinali ndi mpango wakewake wochipukutira, umene ine sindinkaloledwa kuugwira.

Tinkakhala m'nyumba ya sukulu ya mpingo wathu pafupi ndi Madisi, zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda kadi ya chipani. Madisi wa nthawi imeneyo simukanamutcha tauni. Koma kwa amuna anga kuwala kunali kutachuluka kale. Mababu a kuchipatala, nyali za m'magolosale, malole a fodya odutsa mumsewu, ngakhale koloboyi wanga wa kukhitchini, onsewa anali adani awo. "Mayi, tazimitsani kaye," ankatero, ine mbale zili m'manja. Dziko lonse linkalirira magetsi, ine ndinakwatiwa ndi munthu wolirira mdima.

Chaka china mvula itangosiya, anayamba kusakasaka malo abwino. Anali pachangu, chifukwa nyengo yawo inali yaifupi: kuyambira Meyi mpaka Julayi basi. Ikafika Ogasiti anthu amayamba kutentha tchire posaka mbewa, ndipo utsi umatseka kumwamba mpaka mvula. Anayesa pabwalo la mpira, agalu anawauwa usiku wonse. Anayesa kudambo, mame ananyowetsa galasi, udzudzu n'kuwatupitsa nkhope. Anapalasa njinga kulowera ku Chisepo, anakapeza anthu akufukiza fodya. Pomaliza anapeza kaphiri kena chakum'mawa, mbali ya ku Ntchisi, ulendo wa ola ndi theka panjinga. Pamwamba pake panali thanthwe losalala, ndipo phiri lina linkatchinga kuwala konse kwa ku Madisi. Anabwera akusekerera ngati apeza munda wa ulere.

Zonsezi ankalemba m'kope: mapu a tinjira, mtanda pamalo aliwonse amene anayesa, masiku amene mwezi sudzaoneka, nthawi imene nyenyezi yakuti idzatuluke. Kenako anandipempha kansalu kofiira. Ankati tochi yoyera imapha maso, ukangoiyatsa nyenyezi zing'onozing'ono zimasowa kwa theka la ola, pamene kuwala kofiira kulibe vuto. Ndinadula kansaluko pa diresi langa lakale, n'kukamanga pa tochi ndi mphira wa chubu. Ndi manja anga omwewa.

Ananditengako kamodzi, mu Juni, ana titawasiyira alamu anga. Ndinadandaula njira yonse, kuzizira kwake kunali kolowa m'mafupa. Koma titakhala pathanthwe paja, maso atazolowera, kudandaula konse kunatha. Mlalang'amba unali utayalika kuchokera phiri ili kukafika phiri linalo, woyera mbuu. Anandiuza kuti ndiike diso pa chipaipi chija, ndipo ndinaona kanyenyezi kozunguliridwa ndi nkhata. Ndinawafunsa kuti kakukasenza chiyani. Anaseka mpaka kutsokomola. Usiku umenewo ndinamukhululukira mkazi mnzanga uja.

Chimene tonse sitinaganize n'chakuti m'munsi mwa kaphiriko munali mudzi. Anthu anayamba kuona kamoto kofiira kakuyendayenda pamwamba, kuzima, n'kuyakanso, ndipo nthawi zonse usiku wopanda mwezi. Kwathu kuno moto wotere suchita kufunsa kuti ndi wa ndani. Mwana wina wa m'mudzimo atamwalira ndi chikuku, wina anakumbukira kuti anakumanapo ndi aphunzitsi a ku Madisi usiku, atamanga chinthu chachitali panjinga.

Nkhani inatipeza msanga. Ndikafika pachitsime, azimayi ankangoti zii. Makolo atatu anachotsa ana awo m'kalasi ya amuna anga. Tinamva kuti bwalo la mpingo likufuna kuwaimitsa kudya mgonero, ndipo mphunzitsi woimitsidwa pasukulu ya mpingo ntchito yake imakhala ili pachiswe. Eni akewo sizinkawakhudza. "Asiyeni alankhule, mayi, atopa okha," anatero akusenda chinangwa. Ine zinandiwawa. Ndinakulira m'nyumba ya mapemphero, Lamulungu sindinkajomba, ndiye lero ndizitchedwa mkazi wa mfiti? Ndinali wonyada, ndipo kunyadako ndi kumene kunandipusitsa.

Lachinayi lina iwo ali m'kalasi, ndinatenga kope lija ndi tochi, n'kupita kwa mkulu wa mpingo amene ankayendetsa nkhaniyo. Mkulu ameneyu analinso mlembi wa chipani m'dera lathu. Aliyense ankadziwa, inenso ndinkadziwa. Koma ndinkamuona Lamulungu lililonse atanyamula mbale ya mgonero, ndiye ndinapita kwa iye ngati kwa mkulu wa mpingo.

"Abambo, taonani nokha," ndinatero nditagwada. "Ufiti wake ndi umenewu. Ndi zasukulu izi, zonse analemba."

Anatsegula kopelo pang'onopang'ono, akunyowetsa chala. Anaima nthawi yaitali pa mapu paja.

"Mitanda iyi ndi ya chiyani, mayi?"

"Ndi malo amene anayesa, abambo. Amafuna pamdima, posaoneka kuwala kwa anthu."

"Posaoneka," anabwereza. "Nanga maola awa?"

Ndinafotokoza zonse, mpaka kumuyatsira tochi kuti aone kufiira kwake. Anati ndimusiyire kuti akaonetse anzake, ndipo anandiperekeza mpaka panjira. "Mwachita bwino kubwera, mayi." Ndinabwerera kunyumba thupi litapepuka, ndinapha ndi nkhuku yomwe.

Patapita masiku anayi, m'mawa ana ali pamzere, pasukulu panaima galimoto. Munatsika amuna atatu ovala majekete ndi anyamata awiri a malaya ofiira. Nkhani ya ufiti inali itatha, monga ndinkafunira. Tsopano mapu aja anali njira zolowera zigawenga, maola aja anali nthawi yokumana, tochi inali yoitanira anthu a kunja, ndipo chipaipi chija anachinyamula anthu awiri mosamala ngati chiphulika. Amuna anga anayang'ana kope lawo m'manja mwa mlendo, kenako anayang'ana ine ndili pakhonde. Choko chinali chikadali m'manja mwawo pamene ankawakweza.

Sabata isanathe anatitulutsa m'nyumba ya sukulu. Ndinapita ndi ana kwathu ku Nachisaka. Zaka zitatu ndi miyezi, popanda mlandu, popanda kalata, osadziwa ngati ndine wamasiye kapena ayi. M'zaka zimenezo ndinaphunzira kusiyana kwa zinthu. Mkazi wa mfiti anthu amamunena, komabe amabwera kudzapala moto. Mkazi wa chigawenga ngakhale achibale amamulambalala, poopa kuti wina awaona akupereka moni. Mfiti akanaiimitsa mgonero miyezi ingapo, mwina kuisamutsira kusukulu ina, basi. Ndikanangowasiya akhale mfiti.

Mkulu uja anapitiriza kunyamula mbale ya mgonero mpaka ukalamba wake. Anandipatsapo moni pamaliro ena, akufunsa za ana. Ndinayankha bwinobwino, chifukwa masiku amenewo ngakhale nkhope yokwiya inali mlandu. Abusa amati tizikhululuka. Ndayesa, koma sindinamukhululukire, ndipo sindinama kuti ndinatero.

Amuna anga anabwera tsiku lina masana, wapansi, atavala malaya a munthu wina. Anali atatha, mano awiri kulibe. Ndinkadikira kuti andifunse za kope lija, andikalipire, andimenye kumene. Sanafunse tsiku limenelo, sanafunse mpaka kumanda. Chete ameneyo anandipweteka kuposa ndodo.

Madzulo oyambawo, ana atagona, ndinauzira koloboyi monga mwa kale, ndikuganiza kuti ndikuwasangalatsa. Anandigwira mkono mwamphamvu.

"Mayi, yatsani. Chonde yatsani."

Pambuyo pake ndinamva kwa munthu wina amene anali nawo kundende kuti miyezi yoyambirira anawatsekera okha m'kachipinda kopanda windo, kuti atchule anzawo amene ankawaitana ndi tochi. Analibe wotchula.

Kuyambira tsiku limenelo tinkagona nyali ikuyaka. Mafuta akatha ndinkasonkha moto pakati pa nyumba. Chaka china mu Juni, kumwamba kutayera bwino, ndinawanyengerera kuti tingotuluka pabwalo, andionetsenso kanyenyezi ka nkhata kaja ngakhale ndi maso okha. Anafika pakhomo, n'kugwira chitseko, n'kubwerera kukakhala pafupi ndi nyali.

Amuna anga aja anapalasa njinga dera lonse la Dowa, miyezi itatu, kufunafuna malo a mdima weniweni. Amene ndinawapezera ndine.