Tisanalembe za Asiyatu

Uthenga unandipeza ndikusenda nandolo pakhonde, dzuwa lili paliwombo. Mdzukulu wanga Shamimu anatsika kabaza asanaime n'komwe, foni ili m'mwamba ngati muuni. "Anganga, siyani nandoloyo, tcherani khutu." M'fonimo munali mawu okalamba, osasa, akuimba: "Njanji iwe unditenge bwino, kwathu ndasiya ana, undibwezenso bwino." Ine nandolo mbwee pansi. Nyimbo imeneyo dziko lonse timaidziwa awiri, ine ndi mng'ono wanga Asiyatu, amene abale anali atamuikira kale mbuzi ya sadaka poti ankati anamwalira.

Ndikunena ndine, akulemba ndi Shamimu, ndipo ndiyambira kumutu.

Chaka chija cha njala kuno ku Nsanama tinadya mango aawisi owiritsa, tinadya madeya, madeyawo n'kutha. Tinakhala pansi pa nkhokwe yopanda kanthu, Asiyatu n'kuti, "Chemwali, tizingoyang'anana mpaka wina atseke maso?" Ana tinasiyira mayi athu. Tinakwera sitima ya ku Nayuchi, tinaoloka malire, tinakatsikira ku Cuamba. Nyimbo ija tinaipekera m'sitimamo pobisa misozi.

Ku Mozambiki tinalima maganyu, malipiro ake chimanga. Tinkatumiza kwathu ndi anthu a pasitima, china chinkafika, china chinkathera m'njira. Kenako ine ndinapeza ntchito yochapa ndi kuphika panyumba ya mwini golosale. Asiyatu anati apite ku Nampula, kumeneko ndiye kuli ndalama. Anapita. Mauthenga anabwera, anachepa, anatha. Kwa eni n'kwa eni: umaseka nthabwala usanaimve, umadwala mwakachetechete kuopa kuchotsedwa ntchito.

Patapita zaka ndinabwerera ndi malata, ndinabwerera ndi mashini osokera, ndipo nthungululu zinalira. Zisanathe, Patuma mwana wa Asiyatu anasuzumira kumbuyo kwanga. "Amayi aakulu, nanga anzanu?" Funso limenelo ndadya nalo, ndagona nalo, mpaka imvi mbuu.

Njala itabweranso, ziweto tinagulitsa, n'kutsala mbuzi imodzi. Achimwene athu Che Bwanali, eni mbumba, anati, "Imeneyi isagulitsidwe. Munthu sangakhale pakatikati mpaka kalekale. Tikakolola tichita sadaka, mzimu wake upumule." Sadaka ikachitika ndiye kuti tavomera, dzina latsekedwa.

Shamimu amagwira ntchito ku Balaka, ndipo ali ndi tsamba lake pa intaneti, akuti bulogu, pamene amalemba za alimi ndi misika, anthu n'kumawerenga mpaka kunja. Atamva za sadaka anabwera zala zili kale pa foni. "Anganga, tilembe lero lomwe."

"Iyayi mwanawe. Ukulembera ndani?"

"Anthu onse."

"Anthu onse sanasowe. Wasowa mmodzi."

Sukulu ndinalekezera pa a e i o u, koma ndinapalira minda ya eni, ndikudziwa kuti sudzala usanasose. Tinayamba ndi kukagwada kwa Che Bwanali, poti dzina la munthu sulimwaza m'dziko eni ake osadziwa. Anang'ung'udza. "Mlongo wanga mumuike pa foni ngati nkhuku yamalonda?" Anayang'ana mbuzi, anayang'ana ine. "Idikira mpaka tikolole. Osapitirira."

Kenako ndinatenga lichero, poti ine kope langa ndi lomwelo. Ndinaikamo njere ya mango, ndiyo njala. Mwala wa panjanji, ndiwo ulendo. Chitsononkho, ndiwo maganyu. Mpango umene Asiyatu anasiya, ndiye mwini wake. Shamimu kuseka mpaka kugwira m'nthiti. "Anganga, pulani yanu ndi yopepetera?" Iye ankafuna njere ya mango patsogolo kuti owerenga amve chisoni. Ndinati Asiyatu njala amaidziwa, safuna kuuzidwa. Tinasuntha, tinakangana, tinasunthanso, mpango n'kukhala poyamba.

Chithunzi chake tinalibe. Tinajambula Patuma atavala mpangowo, poti nkhope ndi yomweyo, mpata wa m'mano ndi womwewo. Achinyamata a uko amawerenga Chipwitikizi, ndiye Che Jafali atelala, amene anakulira ku Cuamba, analonjeza kumasulira. Nyimbo ndinati tiikepo theka lokha, mwini wake amalize, kuopa akamberembere.

Povuta panali pa Patuma. "Lembani kuti anatisiya tili aang'ono. Lembani kuti anganga amene anatilera anamwalira akuwatchula."

Zoona zokhazokha. Koma ndinati, "Mwanawe, ine ndinakhalako kunja. Chomanga munthu miyendo si mtunda, ndi manyazi obwera chimanjamanja. Ukamuwerengera milandu abisala kuposa kale."

Patuma anatuluka, chitseko phwaa. Masiku anadutsa osatilankhula, chimanga m'munda chikuuma, mbuzi ikunenepa. Shamimu ankayenda uku ndi uku. "Anganga, tingolemba popanda iwo." Ndinakana. Nkhani yoitana mayi, mwana wake asanavomere, imeneyo ndi msampha. Tsiku lina m'mawa Patuma anabwera maso ali psuu, anakhala pafupi ndi lichero, nati, "Muyambe chonchi: Amayi, musabwere ndi kanthu. Ingobwerani."

Pamenepo mpamene Shamimu analemba, ndipo sizinatenge nthawi, poti zonse zinali zitapsa kale m'lichero.

Amene anaiwerenga nkhaniyo anali mtsikana wina wa ku Nampula, amene mayi ake amagulitsa makala pamsika moyandikana ndi gogo wa mpata m'mano. Ataona chithunzi, mtsikanayo anamuwerengera gogoyo, anamuimbira theka lija, gogoyo n'kumaliza. Ndiwo mawu anandipeza pakhonde aja. Tinaimba foni pompo. Asiyatu atatha kulira anati, "Chemwali, ndilibe ngakhale sutikesi."

Patuma analanda foni. "Sutikesiyo tidya?"

Tinakamuchingamira ku Liwonde. Anatsika minibasi ndi kajumbo kamodzi, zovala ziwiri ndi sopo. Ine zaka zonsezi ndinkati nthungululu zanga zija zinali za malata ndi mashini. Koma za wa kajumbo zinamveka mpaka kutsidya kwa Shire, ndipo palibe anasuzumira m'jumbomo.

Che Bwanali anamasula mbuzi okha. "Inali yako utafa. Bwera udye chiwindi uli moyo, wamwano iwe."

Tinadya, njala ili pakhomo tinadya, aliyense ndi kambale kake ka ufa kosonkha. Anabwera Che Bwanali ndi akazi awo Abiti Saidi. Anabwera Che Jafali, tepi ili m'khosi. Anabwera Abiti Mdala a ku Ngokwe, anabwera amayi a Filipo a ku tchalitchi ndi kwaya yawo, anabwera Che Yusufu a usodzi ku Chiuta ndi nsomba zouma. Anabwera adzukulu, Shamimu, Hawa, Amidu, Esinati ndi Twaibu. Anakhala pamphasa Patuma, ndipo pambali pake, mpango uli kumutu, Asiyatu.