Mvuu Sisambira

Hatchi sisanza. Ngakhale idye zowola, zimangotsika basi, njira yobwerera kukamwa palibe. Ndikudziwa zimenezi ngakhale hatchiyo sindinaionepo, ndipo ku Nkhata Bay kuno palibe anandifunsapo.

Ndimadziwa zambiri zotere. Uchi suwola. Mwana wa kangaru amabadwa ali ngati njere ya nyemba. Ku Amereka kuli kambalame kouluka chafutambuyo. Zonsezi ndinaziwerenga m'buku limodzi lachingerezi, lonenepa, lachikuto chofiira, lomwe agogo aamuna anabwera nalo kuchokera ku Joni pamodzi ndi chipewa ndi chifuwa. Mabukuwo ayenera kuti analipo ambiri, lililonse ndi zilembo zake, koma kwathu kunafika limodzi, loyambira pa H kulekeza pa L. Choncho za mvuu ndimazidziwa, chifukwa pa Chingerezi imayamba ndi H. Za njovu musandifunse. Njovu inatsala ku Joni.

Sukulu ndinalekera Fomu 3. Anthu amafuna chifukwa chachikulu, maliro kapena mimba ya mwana wa eni. Panalibe. Mayeso ankafunsa zina, ine ndinkadziwa zina, ndipo ndinatopa kukwera chitunda m'mawa uliwonse kuti munthu akandiuze kuti ndine mbuli.

Vuto linali nyumba yomwe ndinabadwiramo. Ada, bambo anga, anaphunzitsa kupulayimale mpaka kupuma. Mlongo wanga ndi namwino ku Mzuzu. Mkulu wanga ndi kalaliki paboma pompano. Pakhoma la pabalaza pali zithunzi zawo atavala mikanjo yomalizira maphunziro, ndipo pambali pake pali msomali womwe ada anakhomeratu kudikira changa. Masiku ano ama, mayi anga, amapachikapo sefa.

Ada sanandikalipire. Anangosiya kundifunsa mafunso. Kuti mumvetse, munthuyo ndi wa mafunso: tikamadya ankafunsa likulu la dziko lakuti, mtsinje wakuti umathira kuti, ndipo wolephera ankatsuka mbale. Nditasiya sukulu ankafunsa ama, alendo, ngakhale mwana wobwereka machesi. Ine ayi. Akafuna kanthu ankauza ama kuti, "Muuzeni uyo atseke chitseko," ine ndili pomwepo, chitsekocho ndachitsamira.

Pali zinthu ziwiri zoti musunge. Choyamba, m'Chitonga chathu kuphunzira timati kusambira, ndipo mphunzitsi ndi msambizi. Chachiwiri, ada ankati mwana wa msambizi sasewera kudoko. Anzanga akudumphira m'madzi kuchokera pamiyala, ine ndinali pakhonde ndi buku lofiira. Ndinabadwa nyanja ikuoneka pazenera, koma mukandiponyamo ndimira ngati nkhwangwa.

Tsiku lina ama anabwera kuchokera kumsonkhano wa amayi a mpingo akuyenda mothamanga. Kumeneko anacheza ndi mayi wina wa ku Dedza, yemwe anali atangomutumiza kumene kudzagwira ntchito kumaofesi a paboma. Anali ndi ana awiri, mtsikana ndi kamlongo kake, ndipo ankaopa nyanja monga amaopera anthu onse akumtunda. Kuchezako ndinadzakumva bwino pambuyo pake, kuchokera kwa amayi ena omwe analipo ndipo sanaone chifukwa cholowererapo.

Mayiyo anati, "Ndikufuna mnyamata wosambira bwino, aziwathandiza anawa kusambira masana akaweruka."

Chichewa cha ama ndi chamumsika. Chimakwana kugulira tomato ndi kukana mtengo. Mawuwo anawamva ndi khutu la Chitonga.

"Wanga alipo. Sachita china, amangosambira tsiku lonse."

"Amatha ndithu?"

"Kuyambira ali kamwana. Usiku timachita kumuletsa."

"Usiku?"

"Ndi tochi."

Mayi wa ku Dedza sanadabwe kwambiri. Anali atamva kale kuti Atonga ndi madzi salekana.

Kunyumba ama anaifotokoza nkhaniyo m'Chitonga, ndiye ada anamva kuti mwana wawo akufunidwa kukakhala msambizi. M'mawa ndinapeza pampando malaya awo oyera atasitidwa ndi simbi yamakala, tayi yabuluu, thalauza ndi nsapato zakuda zopolishidwa. Iwo anali pakhomo, akuyang'ana kwina.

"Ana usawamenye tsiku loyamba," anatero.

Anauza ine. Osati ama, ine. Lamulungu lisanafike, akuluampingo onse anali atamva kuti wotsiriza uja nayenso wayamba kusambiza, ndiko kuphunzitsa.

Ndinapita ndi buku lofiira m'jumbo. Mayiyo atatsegula chitseko anayang'ana tayi, nsapato, kenako tayi.

"Mwachokera kumaliro?"

"Ayi, mayi. Ndabwera kudzayamba ndi ana."

Anaitana m'nyumba. Anawo anatuluka atavala makabudula okhaokha, thaulo paphewa, kamnyamatako katakumbatira chigubu chopanda kanthu.

"Mupite nawo kugombe la Chikale, koma lero musafike nawo pakuya. M'jumbomo ndi kabudula?"

"Ndi buku."

"Atonga inu! Mpaka kusambira kuli ndi buku?"

Ndinamva pomwepo chomwe chachitika. Sindine wopusa, ndinangosiya sukulu. Ndikanatha kunena. Koma ndinaganiza za munthu wokalamba akupemerera makala a simbi mbandakucha, ndi za kubweza malayawo asanachite n'komwe thukuta. Ndinati, "Tiyeni ana."

Ku Chikale dzuwa linali pamutu. Amayi ankachapa, asodzi ankasoka maukonde pansi pa mtengo. Atandiona ndikuvula nsapato, kuzimanga zingwe n'kuzikoleka m'khosi, kenako kupinda thalauza, mmodzi anakuwa, "Abusa! Ubatizo uli lero?"

"Mawa. Mubwere, muli ndi machimo ambiri."

Ndinalowa mpaka m'mawondo. Madzi anali ozizira kuposa mmene ndinkaganizira. Ana anaima kundiyang'ana.

"Ankolo, tionetseni," anatero mtsikanayo.

"Tiyamba ndi mvuu. Mvuu imakhala kuti?"

"M'madzi."

"Imasambira?"

"Eee."

"Mwalakwa nonse. Mvuu sisambira. Ndi yolemera kwambiri. Imayenda pansi pa madzi ndi miyendo yake, n'kumadzikankha. Moyo wake wonse ili m'madzi, ndipo palibe anaisekapo. Lamulo ndi limodzi: madzi asapitirire mchombo."

Anayenda. Kupita uku, kubwerera uku, madzi m'chiuno. Ndinawauza kuti mvuu imatseka mphuno ndi makutu ikamira, iwo n'kutsina mphuno, kumira, kuvuuka akufwenthera. Mtsikanayo anafunsa kuti nanga ikagona simira? Ndinati imakwera yokha kukapuma osadzuka n'komwe. Anandiyang'ana ngati ndamupatsa switi. M'moyo mwanga palibe anandiyang'anapo choncho chifukwa cha buku lija.

Masana otsatira zinali zomwezo. Tinkayenda m'madzi, ine ndikuyankhula. Ayisi amayandama chifukwa ndi wopepuka kuposa madzi omwe anamubala. Mphezi imatentha kuposa pamwamba pa dzuwa. M'nyanja zamchere muli chamoyo china chonga phala, chopanda ubongo, chopanda mtima, koma chimadya bwinobwino.

"Ngati amalume a ku Dedza," kanatero kamnyamata.

Tsiku lina chimtambo chakuda chinadzuka pakati pa nyanja, iwo n'kukuwa kuti madzi akupsa. Ndinati si utsi, ndi nkhungu, tizilombo touluka tambirimbiri, ndipo tikafika kumtunda timatigwira ndi lichero, kutiumba n'kudya. Sanakhulupirire. Za kangaru anakhulupirira, za ndiwo zathu ayi. Anafunsanso chifukwa chake chinangwa cha kondowole amachiviika chisanasinjidwe. Ndinati chowawacho chili ndi poizoni, madzi amachotsa. Anafuna kudziwa zambiri. Ndinati pa Chingerezi chinangwa chili pa C.

Pobwerera ndinkakhala pamwala kuti thalauza liume. Ndikafika kunyumba ada ankakhala pakhonde.

"Asambira ana?"

"Asambira."

M'chinenero chathu silinali bodza. Ndipo linali funso. Tsiku lililonse funso limodzi, kwa ine.

Loweruka lina mayi uja anabwera ku Chikale ndi foni m'manja, kuti ajambule atumizire bambo a anawo ku Dedza.

"Tiyeni, sambirani tione!"

Ana analowa. Anayenda mondondozana, nkhope zili gwa, madzi m'chiuno. Anamira. Anavuuka. Anafwenthera.

"Iwe, ukutani?"

"Ndine mvuu."

"Sambira!"

"Mvuu sisambira, amami. Ndipo hatchi sisanza."

Mayiyo anatsitsa foni, n'kutembenukira kwa ine. Asodzi anasiya kusoka.

"Achimwene, talowani inuyo muwaonetse."

"Sinditha."

"Simutha chiyani?"

"Kusambira kwanuko. Kwathu kusambira ndi kuphunzira. Ama anamva kuti mukufuna mphunzitsi."

Ndinamuona akubwereza m'mutu kucheza konse kuja.

"Ndiye usiku ndi tochi..."

"Buku."

Anaseka mpaka kukhala pa bwato la eni. Asodzi anaseka, amayi ochapa anaseka, ngakhale omwe sanamve. Ine ndinaima ndi nsapato m'khosi kudikira amalize. Atamaliza anapukuta misozi, nkhope ya kuofesi n'kubwerera.

"Chabwino. Mphunzitsi wa masamu ndikumufunanso. Satifiketi ya Fomu 4 muli nayo?"

"Ayi."

"Ndiye inu konsekonse simunasambire."

Ananena zoona, ndipo sindinamukhululukirebe. Ntchito inathera pomwepo. Anapeza mwana wa msodzi yemwe sadziwa kuti ku Amereka kuli mbalame, ndipo posakhalitsa anawo ankadumpha pamiyala ngati achule. Akandiona mumsika amakuwabe kuti, "Ankolo a mvuu!" Dzinalo linagwira. Ngakhale makondakitala a minibasi za ku Mzuzu amandiitana choncho.

Nkhata Bay ndi yaing'ono. Tsiku lomwelo nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Ndinapeza ama kukhitchini akumenyanitsa mapoto, akudzudzula Chichewa. "Chinenero chanji chimenechi, munthu akuti kusambira akutanthauza madzi? Bwanji osangonena kuti madzi?"

Ada anali pakhonde. Anaphunzitsa Chichewa zaka zonse zija, ndiye panalibe chowafotokozera. Ndinalowa, kuvula, kupinda malaya, thalauza ndi tayi, n'kukaziika pampando pafupi nawo, nsapato pansi. Anatenga nsapato imodzi, kuitembenuza, kugogoda. Mchenga unagwa. Anatenga inzake. Anachita zimenezi nthawi yaitali kuposa mmene mchengawo unkafunira. Ine ndinaima kudikira mawu opita kwa ama, akuti muuzeni uyo.

"Mvuu sisambiradi?"

"Sisambira."

"Imatani?"

"Imayenda pansi."

"Zili m'buku la agogo ako?"

"Pa H."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akuyang'ana m'nsapato.

"Nayonso inalekera Fomu 3," anatero.

Sanaseke. Inenso sindinaseke. Anatenga zovala zawo n'kulowa nazo. Tayi sindinaionenso, ndipo pamsomali paja pakadali sefa.

Madzulo tikudya, ama akadali kulimbana ndi anthu a ku Dedza, ada anasamba m'manja, kutsokomola monga ankachitira kale asanafunse likulu la dziko, n'kundiyang'ana.

"Nanga ng'ona? N'zoona kuti sitha kutulutsa lilime?"

Munthu wadikira nthawi yonseyi kuti afunsidwe patebulo, ndipo funso lake likhale la pa C.

"Inatsala ku Joni," ndinatero.

"Ndiye utsuka mbale."

Ndinatsuka.