Dzanja la Wonyamula Mipando

Make Mapasa ndi mwana woyamba wa bambo wonyamula mipando mu holo ya yunivesite ndi mayi wosita mikanjo ya omaliza maphunziro. Ana ake ndi awiri, mapasa aamuna amene angoyamba kumene sukulu. Bambo wa anawo tisamutchule n'komwe, anachoka ana asanamere mano ndipo palibe amene amamusowa. Banja lonseli lakhetsera thukuta pa yunivesite imodzi, koma amene analowa m'kalasi n'kutuluka ndi mkanjo paphewa ndi Make Mapasa yekha. Mkanjowo anasita ndi mayi ake. Mpando umene anakhalapo tsiku limenelo anauika ndi bambo ake.

Mtsikanayu ntchito sanaipeze chifukwa cha munthu. Anakhoza yekha, anthu akuona. Anamulemba mu ofesi yofalitsa nkhani, kachipinda ka pansi pa masitepe kamene zenera lake limayang'ana poimika magalimoto. Chilichonse chimene anthu amawerenga pa tsamba la yunivesite la pa intaneti chimadutsa m'zala zake: tsiku lotsegulira sukulu, msonkhano wa akatswiri, mpikisano wa mpira, mayeso amene asunthidwa, madzi amene asiya kutuluka kogona atsikana. Aphunzitsi amamutumizira chimtolo cha mawu chopanda mutu ndi mchira, iye n'kupeta bwinobwino mpaka patsale zimene munthu akufuna kudziwa: n'chiyani, liti, kuti. Koma dzina lake simudzaliona. Pansi pa nkhani amangolemba kuti "Ofesi Yofalitsa Nkhani", ngati kuti ofesi ili ndi zala.

Tsiku limene ankayamba ntchito, bambo ake anamuitana pakhonde.

"Mayi," anatero, pakuti umu ndi mmene amamuitanira mwana wawoyu, "kuntchitoko ine si bambo ako. Wamva? Anthu pakamwa pawo mpoipa. Adzati unalowera kukhomo la kuseri."

"Aa, ababa, ndiye ndizikudutsani ngati mtengo?"

"Uzindipatsa moni ngati mmene amachitira anzako. Basi."

Ndiye zinkakhala choncho. Iye akalengeza pa tsamba kuti kuli msonkhano mu holo, bambo ake ankadziwiratu kuti msana uli pamavuto. Akakumana pakhomo la holo, wina atanyamula mipando inayi pamutu, wina foni m'manja, ankangoti, "Mwadzuka bwanji, madamu?" "Ndadzuka bwino, kaya inu, madala?" Madzulo kunyumba ankaseka mpaka misozi, bambo akumunena kuti amayenda ngati mwini yunivesite.

Koma madalawa anali ndi kanjala kawo. Nkhani iliyonse yatsopano ikatuluka, ankabwereka foni ya mkazi wawo, n'kuvala magalasi, n'kuyamba kufufuza m'zithunzi. Ankapezamo mipando yawo, mizere yowongoka ngati yoyeza ndi chingwe. Ankapezamo nsalu ya patebulo imene anayala okha. Iwo eni ake ayi. Munthu woyala mipando amachoka alendo asanafike, amabwerera alendo atapita.

Kenaka inakwana nthawi yoti apume pantchito. Anayamba ntchitoyo tsitsi lili bii, anali kuisiya mutu uli mbuu. Yunivesite inati iwapatsa satifiketi yowathokoza, koma mwambo wawowawo sinawakonzere. Inangowaphatikiza kumchira kwa mwambo wina, wolandira mlendo wolemera amene anamangitsa nyumba yatsopano yowerengeramo mabuku. Madala sanadandaule. Mipando ya mwambowo anayala okha m'mamawa, kenaka anakavala jekete kuseri kwa nsanja. Ndipo anali atauza kale dziko lonse. Anauza mlongo wawo, anauza azilamu awo, anauza wometa tsitsi ndi wogulitsa nyuzi pamphambano.

"Mawa mutsegule tsamba la yunivesite. Mundiona ndikugwirana chanza ndi mkulu wa sukulu. Wolemba wake ndi mwana wanga."

Chithunzi chinatuluka chokongola, wojambula sanalakwitse. Kumanzere mlendo wolemera uja akuwomba m'manja, pakati mkulu wa yunivesite, kumanja madala atawerama pang'ono, akulandira satifiketi, mano onse pamtunda. Make Mapasa anachiyang'ana pa kompyuta mpaka maso anachita chidima.

Tsono tsamba limenelo lili ndi kachitidwe kake. Chithunzi chapamwamba pa nkhani chimalowa m'kabokosi kopapatiza, kuti chizioneka bwino pafoni. Anthu awiri amakwana, atatu sakwana. Ndipo nkhani siituluka mkulu wa ofesi asanaione. Mkuluyo anzake amamutcha Msangamsanga, chifukwa salowa m'chipinda ndi thupi lonse, phazi limodzi limatsala panja.

Make Mapasa anadula mlendo, n'kusiya mkulu wa sukulu ndi bambo ake.

Msangamsanga anasuzumira pa kompyuta, makiyi a galimoto akulira m'manja.

"Iwe, mlendo wathu ali kuti?"

"Sakukwana, bwana. Ndamuika m'chithunzi china m'munsimu."

"M'munsi? Munthu wamanga nyumba yonse ija akhale m'munsi? Dula madalawo."

"Bwana, agwira ntchito kuno moyo wawo wonse."

"Ndiye tawapatsa satifiketi, akufunanso chiyani? Amawerenga intaneti amenewo? Dula, mayi, nthawi yatha."

"Nanga ndiwaike m'munsimo?"

"Chithunzi chimodzi basi, tsamba limachedwa kutseguka. Nkhani yake ndi ya nyumba ya mabuku, si ya opuma. Ndipo usaiwale, kontirakiti yako ikutha mwezi uno, ili patebulo panga."

Apa mpamene panafunika mawu atatu okha: ndi bambo anga. Mawuwo anafika pakhosi. Anaganiza za mapasa, nsapato zawo zimene zinali zitayamba kale kuthina. Anaganizanso za lamulo la pakhonde lija, limene eni ake anaika. Kaya kunali kumvera bambo, kaya anali mantha, iye mwini sadziwa mpaka lero. Anameza mawuwo. Anakoka mzere wodulira chithunzi kuchokera kumanja, unadutsa paphewa la jekete, unadutsa pankhope, n'kukaima pamkono. Kupitirira apo akanadula satifiketi ndi zala za mkulu wa sukulu.

"Eya, chimenecho," anatero Msangamsanga, ali kale pakhomo.

Choncho dziko lonse lija linatsegula tsamba n'kuona mlendo akuwomba m'manja, mkulu wa yunivesite akumwetulira, ndi dzanja. Dzanja lokha, lotuluka m'mphepete mwa chithunzi, la zikhadabo zosweka ndi mipando, litagwira pepala. M'nkhani yonse munali kamzere kamodzi kumapeto, koti pamwambowo anathokozanso ogwira ntchito ena amene akupuma. Ena! Munthu wathyoka msana kuti madigiri a ana a eni aperekedwe anthu atakhala pansi, lero dzina lake ndi "ena". Sukulu yodzaza ndi anthu ophunzira, yosowa ndi mmodzi yemwe woti n'kufunsa kuti kodi dzanja ili mwini wake ndani.

Wometa tsitsi ndiye anayamba. "Madala, takuonani! Koma mwaonda bwanji, mwangotsala mkono?" Msewu wonse unaseka. Madala nawo anaseka, n'kulowa m'nyumba, osatulukanso tsiku limenelo.

Make Mapasa atafika madzulo anapeza mayi ake ataima pa tebulo lositira, simbi ili m'manja, osasita kanthu.

"Ndiwe unadula?"

"Anandiuza ndi abwana, amayi."

"Sindinafunse amene anakuuza. Zala zinali za yani?"

"Mukanakonda ndichotsedwe ntchito? Anawa adya chiyani?"

"Ukanangonena kuti ndi bambo ako!"

"Anandiletsa okha!"

"Anakuletsa kuti akuteteze iwe. Sanakuletse kuti uwadule mutu."

Bambo anali kuchipinda, chitseko chili chotsegula. Anamva zonse.

Kontirakiti anamuwonjezera. Loweruka lotsatira anakatsukitsa chithunzi chathunthu chija, chachikulu, n'kuchiika m'felemu ya galasi. Anachipereka ndi manja awiri. Madala anavala magalasi, anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kupukuta galasilo ndi mkono wa malaya.

"Ndinatuluka bwino, eti?"

"Kwambiri, ababa."

"Zikomo, mayi. Koma ichi n'cha pakhoma, tizionera tokha muno. Ine ndinauza anthu za pa tsamba."

"Ndidzakonza, ababa. Mpata ukadzapezeka ndidzakuikani."

"Mpata uti? Mu holo muja sindidzalowanso." Anaika chithunzicho pa kabati, pafupi ndi wailesi. Kenaka anafunsa mofatsa, ngati akufunsa za nyengo. "Paja mumalengezanso maliro pa tsambapo?"

"Ee, timalengeza."

"A anthu ngati ife?"

Make Mapasa amalidziwa lamulo la ofesi yake kuposa wina aliyense. Amalengeza za aphunzitsi, za akuluakulu, ndi za amene amwalira akadali pantchito. Wonyamula mipando wopuma mulibemo. Anayang'ana pansi.

"Ndangofunsa," anatero bambo ake. "Pita ukawaone ana, akulimbana panjapo."

Mtsikanayu akadali m'kachipinda ka pansi pa masitepe, ndipo amalemba bwino kuposa onse amene anakhalapo pampando umenewo, zimenezo ndiye asakuuzeni wina. Sabata ino walengeza za mpikisano wa kwaya ndi za magetsi amene azime Lachinayi. Chithunzi chathunthu chija chili mu kompyuta yake, ndipo batani lotumizira nkhani pa tsamba amalidina tsiku lililonse. Bambo ake anasiya kubwereka foni. Funso lawo lija sanawayankhebe.