Gong'a ya Atate Anga

Ku Kabwe kulibe nyanja, koma zimenezo sizinawaletse atate anga kukhala katswiri wa injini za maboti. Atapuma ntchito yaufita, yokonza makina ku njanji, khonde lathu kukomboni ya Railways analisandutsa chipatala cha injini zakalekale za asodzi a ku madambo a Lukanga. Nyanja yawo inali mgolo wa madzi kuseri kwa nyumba. Injini ikachira ankaipachika pamgolopo n'kuiliza, ife n'kumaombera m'manja ulendo wosapita kulikonse.

Lamlungu ankapemphera kutchalitchi, masiku enawo ankapembedza olijinolo, ndiye kuti chitsulo chochokera kufakitale yeniyeni ya kutsidya la nyanja. China chilichonse chinali gong'a, ndipo manda ake anali chidebe chapakona. Nkhondo yaikulu inali pa kabuleta, kabokosi kosakaniza petulo ndi mpweya, makamaka pa jeti, kamkuwa kakang'ono kobooka pakati komwe petulo amadutsira. Jeti ankaiweruza ngati mkamwini wodzafunsira mbeta. Ankayamba ndi maginito: ikakakamira, ndiye kuti ndi chitsulo wamba chodzola utoto. Kenako ankaiyeza kulemera padzanja, n'kuyendetsa chikhadabo m'mazinga ake, n'kumalizira ndi kanambala kodindidwa pamutu pake.

Munthu yemweyu, wosakhulupirira manja a aliyense wa m'dziko muno, ankakhulupirira kuti tonse ndife akuba. Sipanala iliyonse anailemba chizindikiro chake, mizere iwiri yodulidwa ndi umodzi, ngati kachidutswa ka njanji. Mapoto a amayi nawo sanapulumuke, ngakhale nkhwangwa.

Kenako maso awo anayamba kuchita khungu. Ine, mayi wa ana awiri, ndikaweruka ndinkadzera kwawo kukagwira ntchito yapamwamba yowerenga tinambala. Zipangizo za olijinolo zinasowa, gong'a ankaikana, ndiye panatha chaka mgolo uja uli zii, ukungoweta udzudzu. Amayi anatopa nazo. Lachisanu lililonse ogula zitsulo a ku Makululu ankadutsa ndi wilibala, akuyang'ana khonde lathu malovu ali chuchuchu.

"Injini ina ikabwela osalila, vonse ivi vipita pa wilibala," anatero amayi. "Nifuna khonde yanga."

Atate anaseka, koma ine ndinachita mantha. Amayi sankaopseza pachabe, ndipo ndinkadziwa kuti kuwalanda atate khonde limenelo kunali kuwasiya pampando akungodikira kufa.

Injini inabweradi Lachitatu masana, itanyamulidwa paphewa ndi msodzi wina wa imvi zogawikana. Anati inali ya malemu bambo ake, ndipo amakaniki akumsika anali ataipha kale kangapo. Anabweretsanso kachitini ka majeti atatu akale, osadziwa kuti yoyenera ndi iti.

Khoti linayamba. Yoyamba inalumphira pa maginito, n'kupita m'chidebe. Yachiwiri inapepuka, n'kutsatira mnzake. Yachitatu atate anaigwira nthawi yaitali, chikhadabo chikuyenda pang'onopang'ono, nkhope ikuwala.

"Aha! Iyi ndiye olijinolo," anatero. "Mvelani chabe mwamene yalemela. Aba banthu benze kuziba nchito. Kuno kwathu kulibe munthu angadule mazinga so, olo umupase zaka fifite."

Ulaliki unapitirira mpaka tiyi wa mlendo anazizira. Potsiriza anandipatsa jetiyo kuti ndiwerenge nambala, mlandu utsekedwe. Ndinaipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuitembenuzira kudzuwa. Nambala panalibe. Panali mizere iwiri yodulidwa ndi umodzi.

"Atate, palibe nambala," ndinatero. "Pali chija chili pa mapoto ya amai."

Msodzi uja anaomba m'manja. "Ee, nakumbukila manje! Batate benze kukamba ati injini inafa kudala, ndiye fita wina wachinyamata wa ku njanji anabapangila ka mkuwa na manja yake. Kanasebenza zaka na zaka. Ba mudala, kansi ndimwe?"

Atate anailandanso jetiyo n'kuisisita ndi chala. Kenako anang'ung'udza kuti akukumbukira mdala wina amene anawalipira ndi nsomba zouma, ine ndisanabadwe.

Amayi, amene ankayanika zovala makutu ali kukhonde, anafika ndi chidebe chija n'kuchiika pamapazi pawo mwaulemu wonse.

"Tayani kaili, atate bake. Si yamene mukamba ati gong'a? Yopangiwa muno mu Kabwe, na munthu wosaziba nchito?"

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, koma nditaona atate atafumbata jetiyo pamwamba pa chidebe, kuseka kunathawa, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri. Moyo wawo wonse ankagwadira anthu osawadziwa a kutsidya la nyanja, osaganizapo n'kamodzi komwe kuti iwo eni angafanane nawo.

Sanaitaye. Anaimanga m'kabuleta mongopapasa, osalola munthu kuwathandiza, n'kupachika injini pamgolo. Anakoka chingwe kanayi. Kachisanu inatsokomola, kenako inabangula, madzi akuda a chaka chathunthu n'kuwazikira pa zovala zonse za amayi. Amayi anayang'ana mashiti awo oyera, n'kungoti anthu ena akapambana amavutitsa kuposa akalephera. Lachisanu a wilibala anapatsidwa chidebe chokha.

Koma Lachitatu lomwe lija, msodzi atanyamula injini yake n'kupita, atate anandiitana kukhonde. Anali atakhala pa benchi, akusisita chala chachikulu ndi chamkombaphala ngati kamkuwa kaja kadakali pamenepo.

"Mwana wanga, ija mizele," anatero motsitsa mawu, "yenze yowongoka?"

Umodzi unali wokhota pang'ono. Ndinawauza kuti inali yowongoka ngati ya kufakitale.

"Iyai," anatero atate. "Ya ku fakitale siifika apo."