Malovu a Mwezi wa Ramazani

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 5 ku Malindi, pamene ndinayamba kusala mwezi wonse wa Ramazani ngati munthu wamkulu. Ife ana tinkanamizana kuti ukangomeza malovu, basi wamasula, kusala kwako kwaonongeka. Ndiye tinkangokhalira kulavula, pawindo, pakhomo, paliponse, ndipo aphunzitsi akale anali atazolowera.

Chaka chimenecho kunabwera aphunzitsi atsopano, a Nyirenda, ochokera ku Rumphi, okonda nsapato zonyezimira. Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, ndinathamangira pakhomo kukalavula, iwo n'kutulukira. Malovu anatera pansapato zawo.

"Iwe Hawa, ukundilavulira ine? Mawa ubwere ndi bambo ako!"

Bambo anali atanena kale kuti mwana wamkazi akabweretsa mlandu wa kusukulu, azikayanika usipa pathandala. Sukulu ndinkaikonda, ndipo ndinaona kuti yathera pamenepo.

Mere, mwana wa akatekisiti amene tinkakhala desiki imodzi, anaimirira. "Aphunzitsi, anzathuwa akusala, mwezi uno amalavula onse. Hawayu ndi wadyera, koma chigumu changa akuchikana kuyambira Lolemba." Kalasi yonse inaseka, koma a Nyirenda anangotola choko n'kuyamba kulemba.

Kunyumba uthenga uja ndinawabisira bambo. Ndikusenda mbatata madzulo, ndinangoona njinga ya a Nyirenda ikulowa pabwalo, mpeni n'kundipulumuka. Anavula nsapato zija, nakhala pamkeka pafupi ndi bambo. Ine ndinabisala kuseri kwa chitseko, makutu ali tcheru.

"Bambo, ine kuno ndine mlendo," anatero. "Ndiuzeniko za mwezi uno, ndingalakwire ana anu."

Bambo, amene sankachedwa kupsa mtima, anafotokoza mofatsa mpaka ndinadabwa. A Nyirenda atafunsa chifukwa chake ana amalavula, bambo anaseka mpaka kugwira chipewa.

"Malovu? Wawauza ndani? Malovu samasula munthu! Iwe Hawa, tuluka uko. Nawenso umachita nawo zopusazi?"

Ndinatuluka n'kugwada, ndikudikira kuti nkhani ya nsapato iphulike. A Nyirenda anandiyang'ana kamphindi. "Ameneyu amakhoza masamu," anatero, osatchula za nsapato. Bambo anawakaniza kupita mpaka nthawi yomasula itakwana, ndipo anadya nafe futali wa mbatata ndinkasenda zija.

M'mawa mwake a Nyirenda anauza kalasi kuti kusesa ndi masewera zizichitika kusanatenthe mpaka mweziwo uthe. Chimanga chawo chowotcha anayamba kukadyera mu ofesi. Anandiimikanso kutsogolo kuti ndiuze anzanga zimene bambo ananena, ndipo kulavula kunatha sabata yomweyo, ngakhale ena ankameza mokayikira. Khirisimasi itafika, Mere ananditengera kwawo kukadya mpunga, amayi ake atapempha bambo anga kuti nkhuku aizinge okha mwa Chisilamu.

Lero nanenso ndimagwira choko, m'kalasi mwa ana a mzikiti, a tchalitchi ndi a zilankhulo zosiyanasiyana. Mwana akachita chinthu chooneka ngati chipongwe, mkwiyo umabwera ndithu, ndisaname. Koma ndimayamba ndafunsa, chifukwa ndikudziwa kuti funso limodzi ndi limene linandisunga pasukulu. Bambo anamwalira osadziwa kuti nsapato zimene mlendo uja anavula mwaulemu pakhomo pawo, mwana wawo anali atazilavulira.